Ndime Yachitatu pa Ukwati wa Chizuru

Lachiwiri, 6 Okutobala 1992

Lero zandigwera.

Chizuru, mnzanga wa kuntchito, akukwatiwa pa 18. Monga zimakhalira wina akamakwatiwa, ife osoka matawulo tiyenera kukasangalatsa anthu pa madyerero. Pa chakudya cha masana mayi Ochi, otiyang'anira, anafunsa woti atsogolere. Kenako Chizuru kundiloza ndi timitengo todyera: "Tomoe uyu amavina nyimbo za gulu lija la Kaminari Shokudo kuseri kwa makatoni akamayesa kuti palibe akumuona."

Anaseka mpaka wina kutsamwa mpunga. Nkhope yanga moto. Ndinangovomera ndi mutu. Mutuwo sunandifunse.

Chilekereni sukulu nditamaliza pulayimale sindinaimepo kutsogolo kwa anthu. Komatu ndi Chizuru. Zaka zinayi akudya nane, ine osayankhula, iye osatopa.

Lachinayi, 8 Okutobala

Nyimbo ndasankha: "Ambulera Imodzi". Inanso iti? Ili pa wailesi m'mawa ndi masana, m'basi, ngakhale kogulitsa nsomba. Malipenga atatu aja poyambira, paa pa paa, kenako gitala ya besi kulowa ngati munthu wotsika masitepe monyada. Gululi ndinayamba kulimvera ndili ndi zaka khumi, lisanatchuke, anthu akuti ndi amisala ovala zonyezimira. Pano aliyense akuti ankalikonda kuyambira kale. Bodza.

Vidiyo ya konsati yawo ndaonera kasanu ndi kawiri. Mapazi awiri kumanja, kutembenuka, ambulera m'mwamba. Ndajambula tianthu m'kabuku kuti ndisaiwale. Amayi akuti ndiboola mphasa.

Lamulungu, 11 Okutobala

Kuyeserera koyamba, mosungira katundu. Tilipo asanu ndi mmodzi. Ambulera ya Noriko, mnzathu wosoka naye, inakana kutseguka, kenako inatsegukira pankhope pa mayi Ochi. "Mwana iwe, diso loona bwino ndatsala nalo limodzi lomweli!" Anayamba okha kuseka.

Ndinawerengera anthu mapazi mokweza. Ineyo! Noriko akuti, "Kani lilime uli nalo?"

Mayi Ochi amavina ngati akupha mphemvu, koma sasemphana ndi ng'oma ngakhale kamodzi.

Kunyumba ndadya mbale ziwiri. Ndikungoimba potsuka.

Lachitatu, 14 Okutobala

Zaonongeka.

Mayi Ochi anati aone mawu a nyimbo pa kapepala ka m'kaseti. Atafika pa ndime yachitatu anavula magalasi. Ndimeyo imati: mvula yatha, tipinde ambulera, tisiyane, aliyense abwerere kwawo.

"Kutha, kusiyana, kubwerera. Mawu atatu osatchulidwa pa ukwati, onse m'ndime imodzi! Ukufuna mwana wa eni abwezedwe kwawo mwezi usanathe?"

Mawuwo ndimawadziwa pamtima. Koma ndime imeneyo ndi pamene malipenga amakoma kwambiri, ndipo ine pamenepo ndimakhala ndikuvina. Sindinaganizepo.

Apongozi ake a Chizuru ndi aja anabweza makadi oitanira anthu chifukwa munali kadontho kumapeto kwa mzere. Akuti kadontho ndi mathero. Nanga akamva izi? Adzamunena Chizuru moyo wake wonse, kuti anzake anamuimbira zothetsa banja.

Masiku anayi. Gule wina sitingaphunzire. Ndinakalilira m'chimbudzi, mpopi nditatsegula kuti asamve.

Lachinayi, 15 Okutobala

Ndapeza! Kuseri kwa kaseti kuli nyimbo yomweyo yopanda mawu, zoimbira zokhazokha. Tiimba tokha ndime ziwiri, yachitatu tingovina pakamwa titatseka.

Ndinathamangira kwa mayi Ochi ndisanasinthe ndi nsapato zomwe. Anaganiza kaye, kenako: "Chabwino. Woimba ndiwe. Enafe tikaimba, mkwati athawa."

Apa ndiye ndadzikola ndekha.

Chizuru sakudziwa kalikonse. Wandipatsa theka la dzira lake, akuti ndaonda.

Loweruka, 17 Okutobala

Pa maikolofoni yobwereka mawu anga ngati udzudzu. Noriko: "Yandikira, siiluma." Kachitatu kunali bwinoko. Kachisanu mlonda wa pageti anabwera kudzasuzumira.

Diresi yobiriwira ndasita. Mawa, mawa, mawa.

Lamulungu, 18 Okutobala

Ndilembe ndisanaiwale.

Holo ya kuhotelo, anthu oposa zana. Chizuru wokongola moti ndinachita manyazi kumuyang'ana. Apongozi patebulo la achibale kumbuyo, atavala kimono yakuda, chovala cha mwambo, msana woongoka ngati nsungwi.

Malipenga kulira. Miyendo inayamba yokha. Ndime yoyamba ndinaimbira kapeti. Yachiwiri ndinadzutsa maso, anthu akuwomba m'manja!

Tinaiwala chinthu chimodzi. Nyimboyi dziko lonse limaidziwa. Anzake a mkwati, a kopangira sitima zapamadzi, mowa utawakwana, anali akuimba nane kuyambira poyamba. Ndime yachitatu ikuyandikira, wina wonenepa anaimirira, botolo pakamwa ngati maikolofoni, akukoka mpweya. Anzake kumbuyo kwake chimodzimodzi. Mayi Ochi anandiyang'ana atatong'ola maso.

Sindinaganize. Ndinakuwa ngati mmene amakuwira woimba wa gululi pa konsati: "Tebulo la a sitima, manja m'mwamba! Ndikati ambulera, inu muziti imodzi!" Ambulera! Imodzi! Ambulera! Imodzi! Zokuzira mawu mpaka kulira tswii. "Sindikumva! Simunadye kodi?" Tebulo ndi tebulo, a kuntchito, a kusukulu kwa mkwati, mpaka la kumbuyo. Wonenepa uja anayesabe kuyamba mzere wa mvula. Ndinatsika, ndinafika pomwepo, maikolofoni pamphuno pake: "Achimwene, imodzi!" Anati imodzi.

Ndime yonse inadutsa. Liwu loipa silinamveke ngakhale limodzi.

Apongozi sanakweze manja. Koma nditaloza tebulo lawo milomo inagwedera. Ndinaona ndi maso angawa.

Pakhomo, potuluka, Chizuru anandifinya dzanja, utoto wa m'maso utayenderera mpaka m'masaya: "Kamtsikana iwe, zaka zinayi ukundibisira mawu amenewa?" Za ndime ija sakudziwa. Asadziwe.

M'basi mayi Ochi anandimenya ndi ambulera pamwendo. Kawiri.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Mawu anasasa. Kukhosi ngati ndameza mchenga. Dzulo tsiku lonse ndinayankhula ndi manja, palibe anadabwa.

Chizuru wasiya ntchito, monga anachitira onse okwatiwa. Pamakina pake aunjikapo kale matawulo. Masana ndinakhala pamalo pathu, ndekha. Ndisanatsegule chakudya, mayi Ochi anabwera ndi chawo nkukhala. Amuna awo anawachokera kalekale. Aliyense amadziwa, palibe amatchula. Tinayamba kudya. Kenako, maso ali pa mpunga: "Kaseti ija undibwereke. Mbali ya mawu. Yonse."

Ndaika kale m'chikwama. Mwina ndiwatengerenso kaseti ija ya chaka chatha, yoyenda pang'onopang'ono, ya lipenga limodzi. Kapena ndichulutsa. Kapena ndingoiika pansi pa inayo, akaipeza okha