Bondo la Fatsani

Amayi anga, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Chilobwe tilipo, koma kungokhalapo basi. Mpongozi wanu anachira miyezi itatu yapitayo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akafuna kulira amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira inu mvula ikayamba zitumbuwa zisanathe. Kamunda kathu ka m'munsi mwa phiri la Soche sikanatipatse kanthu, madzi anakokolola mizere yonse yakumunsi. Denga la kuchipinda kwanu likudonthabe. Koma sindinatenge cholembera chifukwa cha denga ayi. Nkhani ndi ya Fatsani, mwana wanu womaliza.

Munatisiya tonse awiri tili ku timu imodzi, iye akumwetsa zigoli, ine ndikutikita osewera ndi kuthamanga ndi chikwama cha mabandeji wina akagwa. Inu munagulitsa zitumbuwa pageti la stediyamu ku Chichiri zaka zonse zija osalowamo ngakhale tsiku limodzi. Phokoso likaphulika mkatimo munkangoti, "Ameneyo ndi wanga." Mukadamva chaka chathachi! Dzina lake linkaimbidwa mpaka m'maminibasi, makondakitala kumakana kumulipiritsa.

Ligi itatha, kontrakiti yake inathanso, ndipo timu ina ya ku Mozambique inabwera kudzamufuna. Mzinda unagawikana. Ena ankati timu ilipire chilichonse mnyamata asachoke, ena ankati munthu mmodzi asadye za anzake khumi. Masapota anayamba kuyenda ndi mbale mumsika wa Limbe kusonkhetsa zoti amusunge. Anzanu aja ogulitsa tomato nawonso anaponyamo, ati mwana wa malemu asapite kwa eni.

Chimene onsewo sankadziwa n'chakuti bondo lake lakumanja linali litatha. Linavulala patangopita masabata awiri titakuikani m'manda. Kuyambira pamenepo, masewero alionse ndinkamubaya jekeseni wopha ululu kuseri kwa zimbudzi, kochi asakuona. Ine amene, Amayi, ndi manja angawa. Dokotala wa mafupa yemwe tinapitako mobisa anatiuza mosapsatira kuti akapitiriza chonchi, posachedwa aziyendera ndodo. Titatuluka, Fatsani anandigwira pamkono n'kuti, "Achimwene, inu mungotseka pakamwa. Ndisaine kaye, timange chiliza cha amayi, zinazo tiziona."

Kenako a tcheyamani a timu anandiitana kunyumba kwawo ku Sunnyside. Ndinapeza komiti yonse ili pakhonde, patebulo pali thumba la zosonkha za masapota zija, likununkha usipa ndi makala. A tcheyamani anati, "A Limbani, miyendo ya anyamatawa mumaigwira ndinu. Tisanasaine chilichonse, tiuzeni, mng'ono wanuyu ali bwinobwino?" Ndinayang'ana thumba lija, ndinaganiza za ndodo ija, ndipo ndinamva mawu anu aja munkandiuza ndikamadandaula kuti zonse zimagwera ine: "Mutu ukakula sulewa nkhonya." Ndinawauza zonse, ndi za jekeseni zomwe.

Uchitsiru wanga unali pano. Ndinkaganiza kuti akamva, amutengera ku opaleshoni, poti mwendowo unathera pabwalo lawo. Anandithokoza mwaulemu, anandiperekeza mpaka pageti. M'mawa mwake pepala la kontrakiti linabwerera m'kabati. Nkhani inafika ku Mozambique sabata isanathe, nakonso kunangoti zii. Ine anandichotsa ntchito chifukwa cha majekeseni aja, ndipo pamenepo sindiwiringula, ndinalakwadi. Koma masapota omwe aja ankaimba dzina lake anabwera kudzagenda mawindo athu, mwana wakhanda ali m'nyumba. Ena akuti ndinachita nsanje, ena akuti ndinamulodza. Kutchalitchi anthu amandipatsa moni wakumaso.

Pawailesi akukanganabe ngati timu inachita bwino kusalipira. Ine ndimathimitsa. Kugula zigoli zimene sizidzabweranso, ngakhale ine sindikanalola, makamaka ndi thukuta la amayi a tomato. Koma kumutaya munthu ngati chitsononkho, osafunsa n'komwe kuti bondo lagona bwanji, zimenezo zimandiwawa, ndipo mtima wanga sunawakhululukire. Pano a timu apeza kale mnyamata wina, wavala jezi yake ija.

Fatsani anasiya nyumba ya lendi, wabwerera m'chipinda chanu chodonthacho. Miyezi iwiri tsopano sanandiyankhule. Chakudya amalandira kwa mlamu wake, ine ndikalowa amatembenukira kukhoma. Chiliza sichinamangidwe, pamanda panu pakadali mtanda wamtengo uja, nawonso chiswe chayamba kuudya. Kuchipatala kuja munandigwira dzanja n'kuti, "Limbani, mng'ono wakoyu umusamale." Simunanene kuti ndisamale chiyani, mwendo wake kapena dzina lake. Ine ndinasankha mwendo, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mukadandiyamikira kapena kundikalipira.

M'mawa uliwonse ndimatereka madzi, n'kulowa ndi beseni ndi kansalu kuti ndimuthowe. Masiku oyamba ankalikankha beseni, madzi mbwee pansi. Kenako anayamba kungolisiya lizizire. Dzulo ndinalowa monga mwa nthawi zonse, iye anatembenukira kukhoma monga mwa nthawi zonse. Ndikuti ndinyamule beseni ndizituluka, ndinaona akutulutsa mwendo m'bulangete, pang'onopang'ono, n'kuuika m'mphepete mwa bedi. Bondo lili lotupa ngati papaya. Ndinagwada n'kuthowa, misozi ikugwera m'madzi momwemo, iye nkhope ili kukhoma.

Munkati chibale ndi fupa, sichiola. Sindikudziwa ngati adzanditchulenso achimwene. Koma madzi sindisiya kutereka, Amayi, ndikukulonjezani, mpaka tsiku limene adzakwere yekha kamtunda ka kumanda kuja kudzakuonani, wopanda ndodo. Chiliza chiyambe chadikira.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ndi wokusowani,

Limbani