Musayatse Foni ya Amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, choncho mukhululuke ngati mawu ena atuluke akuthwa.

Mudabwa kuti munthu amene amadyera kulemba mapulogalamu a kompyuta wabwerera ku pepala ndi cholembera. Ndachita dala. Uthenga uliwonse wolowa mufoni ya amayi panopa ukhoza kuwononga chimene ndikufuna kupulumutsa. Ndinayesa kukufotokozerani pa kafoni kanu kamabatani kaja, koma mawu ankangodukaduka, ndipo chimene ndinamva bwinobwino ndi kuseka kwa alamu kumbuyo kwanu.

Chimene ndinatolapo ndi ichi. Foni ya amayi inakhala ikudandaula kuti yadzaza, kenako inawaonetsa batani lalikulu lobiriwira, iwo n'kudina. Mauthenga onse a mawu amene malemu bambo ankawatumizira ali ku shopu yawo yosokera anafufutika pomwepo. Munatinso kuyambira tsikulo amayi sakudya bwino, akungonena kuti awaika bambo m'manda kachiwiri ndi chala chawo chomwe.

Achemwali, amayi sanalakwe, ndipo ndikufuna muwauze zimenezi mokweza, alamu ali pomwepo. Ndamva kuti iwo anawauza amayi kuti nkhalamba zisamagwire zinthu zimene sizikuzidziwa. Alamu omwewa chaka chatha anandiimbira akulira kuti kompyuta yawo yafa, chonsecho pulagi ili gone pansi pa tebulo.

Batani limene lija silinamere lokha ngati bowa. Pali anthu amene anakhala m'chipinda chozizira, pa mipando yozungulira, n'kugwirizana kuti lofufuta likhale lalikulu ndi lowala, lokana likhale timalemba totuwa pakona, m'chilankhulo chimene amayi sawerenga. Ndikudziwa chifukwa inenso ndimagwira ntchito m'chipinda chotero.

Sabata yomweyi bwana wathu, amene timamutcha Changu chifukwa ngakhale moni amapereka akuthamanga, anatilamula kuti tichotse funso limene pulogalamu yathu imafunsa munthu asanafufute zinthu zake, loti kodi watsimikiza. Akuti limachedwetsa anthu. Ndinaimirira n'kumufunsa ngati anaonapo mayi wofooka maso atagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya madzi otentha. Anayankha kuti pulogalamu yathu sitipangira agogo. Ndinamuuza kuti ndiye alembe zimenezo poyambirira penipeni, agogowo adziwiretu. Anzanga onse anangoti zyoli, maso pa makiyibodi. Potuluka, mnzanga wa desiki loyandikana nane anandinong'oneza kuti ndanena zoona, kungoti iye ali ndi ana. Ngati kuti ineyo ndimalera mbuzi. Funsolo ndinakana kulichotsa. Changu wapatsa wina ntchitoyo, ndipo ngakhale moni wothamanga uja wasiya kundipatsa.

Ntchito imeneyi ndinaikonda ndili mnyamata, ndipo tsitsi lachita imvi ndili pa mpando womwewu. Ndinkaganiza kuti tikupanga zinthu zothandiza anthu kusunga zimene amakonda. Lero ndikaona mizere ya malamulo imene timalembera makina, ndimaona chala cha amayi chili pamwamba pake.

Mukukumbuka mmene bambo ankajambulira mauthenga aja? Sankadziwa nthawi yodinira ndi yochotsera chala. Ndiye uthenga umodzi unkatenga zonse: makina osokera akulira, iwo akutsokomola, akukangana ndi kasitomala za kutalika kwa buluku, kenako akufunsa foniyo ngati ikumva. Pamapeto penipeni ndi pamene ankauza amayi kuti aanule zovala, kumwamba kwada. Ife tinkaseka mpaka misozi. Koma zimenezo ndi zimene amayi akhala akumvera m'mawa uliwonse akumwa tiyi, n'kumawayankha kuti aanula kale.

Tsono mvetsetsani apa. Foni ikafufuta chinthu, nthawi zambiri siitulutsa katundu m'chipinda. Imangochotsa dzina pachitseko n'kulembapo kuti muno mulibe munthu. Katunduyo amakhala momwemo mpaka wina atalowa. Chithunzi chilichonse chatsopano, kanema aliyense, ngakhale timaluwa ta mwadzuka bwanji timene azakhali amatumiza tsiku lililonse, onsewo ndi alendo olowa m'chipinda cha bambo n'kuponda zimene zatsalamo.

N'chifukwa chake ndinathamangira cholembera nditamva kuti alamu akufuna kupita nayo kwa wokonza mafoni wapamsika kuti akaifulashe, kutanthauza kuichapa yonse m'kati, kuti ipeze malo ojambulira ukwati wa mwana wanu Loweruka. Akuti madzi akatayika saoleka. Awa sanafike pansi, achemwali, akadali m'mwamba. Akaifulasha ndi pamene atayike, ndipo palibe katswiri padziko pano amene adzawaole. Wokonza mafoniyo sindikumunena, iye achita chimene wauzidwa. Ndikunena munthu wamkulu amene akufulumira kusesa m'nyumba imene si yake.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga, zimitsani foniyo. Musaitchaje, musaiyatse kuti muone nthawi, musalole mwana aliyense kuseweretsa. Musatulutsenso kamemori khadi kali m'katimo, chifukwa sindikudziwa ngati mauthengawo anali pa khadipo kapena mufoni mwenimweni, komanso kanthu kake n'kochepa ngati chikhadabo, kakagwa pansi sitidzakaonanso. Foniyo ikulungeni m'kansalu n'kupatsa dalaivala wa lole amene wabweretsa kalatayi, mwana wa aneba athu akale uja. Abwerera kuno Lachisanu.

Mu envelopu yomweyi ndaikamo foni yanga yakale ndi tchaja yake. Imajambula bwino kuposa ya amayi. Alamu ajambule nayo ukwati wonse, ajambule ndi nsapato zawo zatsopano zomwe ngati akufuna. Ukwati ukatha ikhale ya amayi. Zilembo ndazikuza kale, ndipo chinthu chobiriwira chija ndachichotsamo.

Musawalonjeze amayi kuti zonse zibwerera, chifukwa inenso sindikudziwa. Mwina alendo analowa kale m'zipinda zambiri. Ingowauzani kuti mwana wawo akukagogoda chitseko chilichonse. Ndikapeza ngakhale kachidutswa, kaya ndi kachifuwa kaja kokha, kaya ndi kulira kwa makina, sindidzakatumiza. Ndidzabwera nako ndekha, tidzamvere limodzi pakhonde, Changu afune asafune.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja lomwe linadina lija. Moni kwa azakhali, muwapemphe kuti maluwa awo ayambe apuma. Moni kwa mkwatibwi wathu, ndipo amukhululukire malume ake polephera kufika pa tsiku lake. Alamu nawonso muwapatse moni, koma foni musawapatse.

Ndine mlongo wanu,
uja bambo ankamutcha Kasingano