Funso Lachitatu pa Nkhani ya Makala

Kawale, Lilongwe
14 Meyi 2024

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumudziko? Nanga chifuwa chija chayamba kukusiyani? Mankhwala a ku Mua aja muzimwa mpaka athe, osati mukangomva kupepuka n'kuwaponya pa alumali monga mumachitira. Ine kuno ndili bwino. Iwe Tawonga m'bale wanga, popeza ndiwe uwerengere Bambo kalatayi, werenga zonse, usadumphe mzere ngakhale umodzi.

Mayeso a Fomu 4 ayandikira. Aka n'kachiwiri kulemba, ndipo abwana amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba anena poyera kuti ndikalepheranso sadzandilola kumaweruka masana kupita kusukulu. Ndiye ndi pano pomwe.

Masiku ano aphunzitsi a Chichewa akutiphunzitsa kumvetsa nkhani. Amatipatsa nkhani, tiwerenge kawiri, kenaka tiyankhe mafunso. Tawerengapo za kukwera mtengo kwa feteleza ndi za achinyamata osowa ntchito, ndipo ndimakhoza ndithu. Koma Lachiwiri lapitali anabweretsa ya makala. Inanena kuti mapiri ayera chifukwa cha anthu ootcha makala, ndipo kuti anthuwo amatero chifukwa cha umbuli ndi ulesi. Funso lachitatu linati malinga ndi nkhaniyi, titchule zifukwa ziwiri zimene anthu amaotchera makala.

Bambo, sindinayang'anenso papepalapo. Ndinalemba kuti munthu amaotcha makala madzi akamukokololera munda, komanso mwana wake akathamangitsidwa kusukulu. Ndinawonjezanso kuti waulesi sangatsike msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere ndi matumba atatu a makala panjinga. Aphunzitsi anandithetha. Sanakalipe ayi. Anangondiuza kuti mwina zimene ndalembazo n'zoona, koma funso likati malinga ndi nkhaniyi, wochonga mayeso amafuna za m'nkhanimo basi, za kumudzi kwanu alibe nazo ntchito.

Kenaka anafunsa ngati m'kalasimo muli wina amene amadziwa munthu wootcha makala. Wina kumbuyo anati anthu amenewo sasowa, amaoneka mano okha. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, koma sindinakwezenso dzanja. Ndinakukanani, Bambo, inu amene munandifikitsa Fomu 4 ndi makala omwewo. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndakhala ndi manyazi sabata yonse.

Ndaiwerenganso nkhani ija kangapo, ndipo sindinganene kuti yonse ndi bodza. Phiri lathu layeradi, nanunso mumanena kuti mitengo yabwino mukuipeza kutali chaka ndi chaka. Madzi amene anatitengera munda anatsika m'phiri lomwelo. Chimene chikundiwawa n'chakuti wolembayo anaona phiri koma munthu sanamuone. Komatu kuno magetsi akazima, nyumba iliyonse imayatsa mbaula, ya abwana anga yomwe.

Pempho langa ndi limodzi. Nkhani zotere zimabwerabwera pamayeso. Ikadzabwera, ndiyenera kulemba ndi dzanja langa kuti ndi umbuli ndi ulesi, apo ayi ndataya malikisi. Sindikufuna kudzalemba mawu amenewo mwakuba, inu osadziwa. Ndiloleni, ndipo mudziwe kuti amene adzayankhe tsikulo ndi pepala, osati mwana wanu.

Mupereke moni kwa Amayi, muwauze chitenje chija ndawapezera. Moni kwa achimwene a Bright ndi alamu anga, azakhali a ku Mtakataka, ndi onse a kumphakati kwathu.

Yankho mumuuze Tawonga alembe mmene mwanenera, asakometse. Mukakana sindidzadandaula. Ndidzalembanso zomwe zija za munda ndi njinga, andithethe, ndibwere ku Golomoti tidzalimire limodzi.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Florence