Usatsamire Chikwama

Kapata,
Chipata.
9 Julayi 2024

Wokondedwa Tamiwe,

Ndikhulupirira uli bwino ku Canada kumeneko. Kalatayi ndapatsira Ireen, amene akubwerera kumeneko, pamodzi ndi kapenta ndi botolo la chiponde zomwe wakhala ukundilirira. Kuno kukuzizira, chimanga tinakolola chongonyambita, ndipo Dolika wayamba kugulitsa tomato pamsika. Ana ali bwino. Alamu ako a Fackson masiku ano ali pakhomo, sakupita kuntchito.

Ndalemba chifukwa cha zomwe unanena pafoni, kuti mwezi wamawa ukupita ndi anzako akusukulu kukayenda m'mapiri, zikwama kumsana, kugona m'matenti. Unati wokutsogolerani walamula kuti chakudya chonse chizipachikidwa mumtengo, kutali ndi pogona, kuopa zimbalangondo. Kenako unaseka. "Asisi, chiponde changa chigone panja? Anzangawa achimaliza! Ine nditsamira ngati kale." Nanenso ndinaseka. Koma zimene sindinakuuze pafonipo ndi izi.

Kutsamirako ndinakuphunzitsa ndine, sindikana. Ukumbukira tikugona pasitesheni ya basi ku Lusaka, ine ndikukankhira thumba kunsi kwa mutu wako? Wakuba sakoka chinthu chimene pagona mutu wa munthu. Koma nzeru imeneyo ndi ya pasitesheni, mng'ono wanga. Kutchire sigwira ntchito.

Mwezi watha alamu ako anapita wapansi ndi akulu a mpingo awiri kukachezera akhristu a kuseri kwa mapiri, kupitirira Kasenengwa, kumene galimoto sifika. Pobwerera anthu aja anawapatsa nsomba zouma. Dzuwa linawalowera panjira, ndiye anagona pathengo. Mmodzi wa anzawo anati, "A Fackson, thumbalo likununkha, tiyeni tikalipachike uko." Iwo, paja ukuwadziwa mmene amandimverera, anati, "Iyayi, amayi akunyumba anati ndizitsamira." Kutatsala pang'ono kucha kunabwera fisi. Sanabwerere munthu ayi, anangotsata fungo la nsomba. Koma pofika pathumba anapeza pali mutu.

Usachite mantha, moyo ali nawo. Anzawo anathamangitsa fisiyo ndi zikuni zamoto, nkuwanyamula iwo mpaka pamsewu, ndipo kuchipatala anawasoka. Khutu lakumanzere palibe. Tsaya likupola pang'onopang'ono, pakali pano akumwa phala lokha. Nsombazo fisi anapita nazo ndithu.

Chimbalangondo sindinachionepo, ndimangochimva m'Baibulo, koma Ireen akuti pafupi ndi icho fisi ndi kamwana. Tsono iwe wamakani, tamvera. Wokutsogolerani uja akati pachikani, upachike. Kapenta, chiponde, ngakhale shuga, zonse zipite kumtengo. Muziphikira patali ndi tenti. Ukadya usambe m'manja ndi pakamwa, ndipo chitenje chomwe waphikira usachifunde. M'thumba la jekete musatsale ngakhale kamtedza kamodzi, pakuti ndikukudziwa, umabisa. Anzakowo akamaliza chiponde, amalize. Mtedza ulipo, mtondo ulipo, ndisinja china.

Ndikuopa, Tamiwe. Kuyambira tsiku lija unaseka pafoni sindikudya bwino. Ndikanatha ndikanakuletsa ulendo wonsewo, koma unayamba liti kundimvera pa zoterezi? Chimodzi chokha chimene unandimvera ndi cha thumbachi, ndipo ndicho ndikukupempha kuti uchitaye.

Dolika akupereka moni, akuti umutumizire chithunzi cha chipale chofewa. Ana akuti azakhali abwere ndi maswiti. Alamu ako nawonso akupereka moni wambiri. Kulankhula kukuwavutabe, koma andigwira mkono kuti ndilembe ndithu: ukabwerako kumapiriko uimbe, amve mawu ako. Uzilankhula mokweza, ndipo ya vidiyo usapemphe kaye.

Ndine mkulu wako,
Ketilina