Masaka m'Chumuni

Lolemba, 2 Juni

Thandie waimba. Akwawo kwa Keith akubwera pa 21 kudzafunsira mbeta. Amalume ake ndi azakhali ake, anthu a ku Namiwawa, a magalimoto. Ndasangalala, inde. Koma asanadule anati, "Mami, chinthu chija cha pabalaza chija, chitanipo kanthu."

Chinthu chija. Malo ootherapo moto amene azungu anasiya m'nyumba ya boma ino. Ine ndimangoti ng'anjo. Amene ankakhala muno kale ankaphikirapo nyemba, khoma lonse bii mpaka kudenga. Njerwa ziwiri zinagumuka. Zaka zonsezi ndimangotchingapo ndi kabati, koma kabatiyo chiswe chinadya.

Mwana wanga akuchita nane manyazi. Sananene choncho, koma ndamva.

Lachinayi, 5 Juni

Kumsika nditaweruka kusukulu. Matailosi mtengo wake ndinangoseka n'kutuluka. A Timoti omanga aja akuti agumule kaye zonse, ayambirenso. Ndi ndalama ziti? Malipiro mpaka kumapeto kwa mwezi, alendo pa 21.

Ndagula laimu ndi kasimenti ka m'jumbo. Ndichita ndekha. Bambo ake a Thandie akanakhalapo bwenzi akuti alendo akubwerera mwana, osati khoma. Kunena n'kosavuta uli kumanda.

Lamulungu, 8 Juni

Dzulo ndinamata njerwa, ndinapaka laimu kawiri. Mbee! Ndinagona mtima uli m'malo.

Lero pobwera kutchalitchi, khoma lasanduka lachikasu ngati mano a wosuta fodya. Mwaye ukutulukira pansi pa laimu. Komanso m'chumuni muli mileme, zitosi zikungogwa. Ndakhala pansi ndi yunifolomu ya chigwirizano n'kulira. Mayi wamkulu kulirira khoma.

Lachitatu, 11 Juni

Ndagulitsa atambala awiri. Penti ya mafuta, yoyera, kachitini kamodzi.

Za mileme ndathana nazo. Ndatenga masaka akale a chimanga anayi, ndawakankhira m'chumuni ndi mpini wa khasu mpaka gwa. Palibe chigwenso. Ndani amayatsa moto pabalaza masiku ano?

Mutu ukuwawa ndi fungo la penti.

Lachiwiri, 17 Juni

Pauma. Pakuwala. Mai Iness oyandikana nawo andibwereka maluwa apulasitiki, ndawaika m'kati mwa ng'anjo, pamwamba nsalu yoluka ndi chithunzi cha Thandie atavala gauni. Ndamutumizira chithunzi pa foni. Wayankha ndi kachala kokweza basi. Mawu ayi.

Kodi sizinamukwanire? Kapena ndi ntchito chabe? Ndayang'ana foniyo kangapo.

Chiperoni chayamba. Kuzizira kolowa m'mafupa.

Lachisanu, 20 Juni

Thandie wafika masana, wayang'ana, wati zili bwino. Kenako wayamba kusuntha mipando.

Achimwene a Jailosi afika madzulo kuchokera kwa Nthache, pa njinga, thumba la makala kumbuyo ndi kamtolo ka nkhuni za tsanya. Ndiwo ankhoswe athu, mawa nkhani yonse ili m'manja mwawo. Jekete anabwereka, manja ake aafupi. Ataona maluwa anafunsa ngati pamoto pamamera maluwa kuno ku boma. Ndinawauza kuti za pabalaza azisiye, aziganiza zoyankhula mawa.

Za masaka sindinawauze. Akanandiseka mpaka Khirisimasi.

Ambuye, mawa lidutse bwino.

Loweruka, 21 Juni

Sindilemba lero.

Lolemba, 23 Juni

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Anafika cha m'ma teni, kukuwaza kamvula. Ndinawalonjera, kenako ndinatuluka monga mwa mwambo. Mayi wa mwana sakhala pamene ankhoswe akukambirana. Ine, Thandie ndi Mai Iness tinali kukhitchini kuseri, tikukazinga nkhuku.

Zinazo ndamva kwa achimwene. Akuti amalume a Keith, munthu wamkulu, ankanjenjemera ndi kuzizira, mawu osatuluka bwino. Ndiye achimwenewo anaona kuti mlendo sangafe ndi mphepo m'nyumba ya mlongo wawo, nkhuni zili pakhonde. Anachotsa maluwa a Mai Iness mwaulemu, anayala tsanya, anayatsa. Munthu wootcha makala, moto sumukana.

Ine ndinangomva kutsokomola. Potuluka, utsi ukufuka m'mawindo ngati uvuni wa njerwa. Alendo ali pabwalo pamvula, misozi ili mbwembwembwe. Penti yanga ikutuwa, ikuchita matuza. Achimwene akukupiza ndi jekete lobwereka lija, akuti chumuni ichi n'cholodzedwa.

Ndinanena pamaso pa onse. Muli masaka, ndinaikamo ndine. Thandie anaphimba nkhope. Pamenepo ndinafuna nthaka ing'ambike.

Azakhali a Keith, a Immaculate, amene ndinkawaopa kwambiri, a wigi ndi nsapato zazitali, anandifunsa masaka angati. Ndinati anayi. Anavula nsapato, anandilanda chitenje chimene ndinamanga m'chiuno, anapempha ndowa ya madzi ndi mtengo wokolera mango. Analowa. Anathira madzi pamoto, anagwada, n'kuyamba kukokera masaka pansi limodzilimodzi. Lachinayi linabwera ndi mwaye wa zaka zambirimbiri, wonse pa iwo. Podzuka anagwira khoma, dzanja lonse linadinda pa penti, zala zisanu zakuda.

Anatuluka maso okha akuoneka. Anati kwawo ku Thyolo anakulira m'nyumba ya esiteti, ndipo amayi awo anatsekapo chumuni ndi bulangete, utsi unadzaza nyumba mpaka bambo awo anagona panja. Amalume anaseka mpaka kutsokomolanso. Ine sindinaseke, ndinkayang'ana Thandie.

Nkhani anakamalizira pakhonde. Atilola, tawalola. Chinkhoswe mu Ogasiti.

Koma Thandie sanandiyankhule tsiku lonselo, ngakhale dzulo. Amangotsuka makatani.

Lachiwiri, 24 Juni

Thandie abwerera ku Blantyre mawa. M'mawa ndinatenga kachitini, penti yatsala pang'ono pansi, ndimati ndifute dzanja lija asanapite, aone kuti ndayesetsa. Anandipeza nditagwada, burashi m'manja.

"Mami, pasiyeni."

Ndinati pakunyansa. Anati iye ananena chabe kuti ndichitepo kanthu, samadziwa kuti ndigulitsa atambala. Mai Iness amuuza. Analira, inenso ndinalira. Kenako anakatenga tsanya wotsala pakhonde.

Moto ukuyaka bwinobwino, utsi ukukwera wokha. Thandie wakhala pamkeka, mapazi kumoto, akuwotcha mbatata, dzanja la azakhali lija lili pakhoma pamwamba pa mutu wake. Zaka zonsezi m'nyumba muno ndimagona ndi masokosi, osadziwa kuti ng'anjoyi imafunditsa chonchi.

Akundiitana, akuti mbatata yapsa.