Mabango a Kumtunda kwa Chitsime

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Kuno ku Matandani tilipo. Chiikireni maliro anu papita zaka zinayi, pabadwa ana atatu, ndipo chaka chino ndakolola chimanga ngolo ziwiri ndi madengu asanu ndi limodzi. Makadi a chipani ndagula asanu ndi awiri, lina la khanda.

Koma ndalembera za chitsime chanu. Mukukumbuka mabango aja a pakati pa khola ndi chitsime, amene munkatiletsa kudula? Munkati, "Madzi asanafike pakamwa, azidutsa kaye m'bango." Ine ndi uphunzitsi wanga ndinkaziyesa zamakolo chabe. Chaka chatha ndinawalola achimwene a Yohane kudula theka kuti alimepo dimba. Mvula itagwa masabata asanu, madzi anachita ndere ndi kafungo. Ana anayi anatsegula m'mimba, ndipo khanda la mng'ono wanga Esnati linagona kuchipatala masiku atatu. Ndinaopa kuti likutsatani.

Anatithandiza ndi Lidiya, mdzukulu wanu uja munkamuseka kuti sukulu yonseyo wangothera ku zimbudzi za ku Blantyre. Akuti kumeneko madzi oipa a mumzinda amawadutsitsa m'maiwe, lina kutsogolo kwa linzake. Mu mkodzo ndi ndowe muli mchere wotchedwa naitirojeni, womwe uja timagula m'thumba la feteleza. Kumunda ndi chakudya cha chimanga, koma ukalowa m'chitsime umabereketsa ndere. Pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timausandutsa mpweya n'kuuluka, ndipo timakonda kukhala m'matope a m'mizu ya mabango. Matopewo amatchinganso zonyansa zodwalitsa ana. Akuti zimene iwo amachita ndi simenti ndi mapaipi, inu munazichita ndi khasu basi.

Tabzalanso zitsa 140, zaphuka 131. Khola talisuntha mapazi makumi asanu. Madzi ayera, ngakhale a ana tikuwiritsabe, ndipo khanda lija layamba kukwawa. Achimwene akudandaulabe za matimati awo, mukuwadziwa.

Zikomo, amayi. Pakhomo pano ndinkawerenga chilichonse, mbale, nkhuku, ngakhale misomali ya padenga, koma mabango anu sindinawawerengepo n'kamodzi komwe. Tsopano ndimawawerenga Loweruka lililonse. Ndikulonjeza kuti ine ndili moyo chikwanje sichidzafikakonso. Ndikafuna mphasa, ndikagula kumsika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube