Amene anazimitsa mafoni ndi wathu

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Kuno thupi lili bwino, koma mtima sunakhale pansi. Akundilembera ndi mkamwini, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikuyankhulira, asakonze.

Mukukumbuka tsiku lija mafoni anangoti zii mpaka madzulo? Ndinayesa kukuimbirani mpaka chala kuwawa. Tikudya, ndinalalata kuti amene wachita zimenezi ndi chitsiru, amuchotse ntchito akalime. Mwana wanga woyamba uja, wogwira ntchito ku kampani ya mafoni, anangoika supuni pansi n'kulowa kuchipinda. Achimwene, anali iyeyo.

Wandifotokozera pang'onopang'ono. Iye ndiye analemba pulogalamu imene imalandira malamulo kuchokera pa kompyuta ya mu ofesi n'kuwatumiza ku makina akutali oyendetsa mafoni. Lamulo lililonse limabwera ndi chizindikiro chonena kumene likupita, kaya ku makina ongoyeserera kapena ku makina enieni amene ife timaimbira. Pulogalamuyo imawerenga chizindikirocho n'kusankha njira.

Tsikulo mnzake anatumiza lamulo loti makina oyeserera azime, koma anaiwala chizindikiro. Mwana wanga anali atakonza kuti lamulo lopanda chizindikiro lizipita ku makina enieni, poti ntchito zambiri zimapita kumeneko. Linapitadi, makinawo n'kumvera. Mpaka pano sindikumvetsa kuti mwana amene ndinkamubereka kumbuyo angatseke pakamwa anthu onsewo ali khale pampando.

Panopa wasintha pulogalamuyo, lamulo lopanda chizindikiro likumabwezedwa kwa mwini wake. Koma mabwana amuitana Lolemba kuti akamuuze ngati ntchito ilipobe. Sakudya. Amangokhala pakhonde, kompyuta ili yotseka pamiyendo. Nditamupepesa anaseka pang'ono, akuti ngakhale mabwana ake sanamukalipire kufika pa ine.

Choncho sindibwera kudzakuonani sabata ino. Ndikufuna ndikamuperekeze mpaka pageti la kuntchito kwake, ndikamudikire pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi. Anthu kumeneko akamanyoza a mafoni, inu musathirepo ndemanga, ngakhale ndikudziwa kuti pakamwa panu sipachedwa. Za banja lathu ndinanyoza kale ine, zakwana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, azakhali, ndi adzukulu onse. Mkamwini akuti moni.

Ine mlongo wanu,
mayi wake wa injiniya. Kaya Lolemba zikhala bwanji, muzinditchulabe choncho.